Okutobala walusa, chitsime chatsika: pa dimba ndiyambe chiyani, ndisiye chiyani?

NabandaWaKuLunzu
Moni nonse a pagulu lino. Kadimba kanga kali kuseri kwa nyumba kuno ku Lunzu: mabedi a ndiwo zamasamba, tomato, anyezi, tizitsamba ta mu tiyi, mitengo iwiri ya mango, papaya ndi phata limodzi la nthochi. Chiyambireni Okutobala zinthu zandisokonekera. Mpiru wathamangira maluwa. Tomato maluwa akungoyoyoka osagwira, masamba achita timadontho tachikasu kenako n'kumauma kuyambira m'munsi. Chitsime nacho chatsika, ndowa ikumatuluka ndi matope. Mvula yeniyeni kuno sitiiyembekezera Novembala asanapite patali. Ndithandizeni, masabata atsalawa ndilimbane ndi kupulumutsa zomwe zilipozi, kapena ndizule ndiyambe kukonzekera dzinja? Madzi ndi mphamvu sizingakwanire zonse ziwiri.

Kambuzi77
Mpiruwo zulani lero lomwe amayi. Ukangotulutsa maluwa masamba amawawa, ana sadya. Siyani mapata atatu okha oti mudzapezeko mbewu.

MlangiziWopuma
A Nabanda, musanakhudze tomato tatembenuzani tsamba limodzi muone kunsi kwake. Mukapeza tizilombo tating'onoting'ono tofiirira tikuyendayenda, ndi tiulusi topyapyala tolumikiza masamba, amenewo ndi akangaude ofiira. Nyengo yawo ndi inoyi, yotentha, youma, ya fumbi. Ambiri amathamangira Cypermethrin, koma pa akangaudewa sathandiza kwenikweni, m'malo mwake amapha tizilombo tomwe timawadya, ndiye pakatha sabata vuto lakula. Mankhwala oyenera ndi okhala ndi abamectin, ndipo muziwerenga pa botolo masiku oyenera kudikira musanathyole tomato wodya. Ngati a kusitolo simukuwafuna, madzi a sopo kapena a nimu opopera kunsi kwa masamba amachepetsako, bola muzibwereza.

Za kuyoyoka kwa maluwa si matenda ayi, ndi kutentha. Masana kukamapitirira madigiri 32 kapena 35, mungu wa tomato sugwira bwino, duwa limangouma n'kugwa. Palibe mankhwala ake.

Langizo langa ndi ili: musafune kupulumutsa dimba lonse. Sankhani mabedi awiri omwe akudyetsani panopa, madzi onse apite pamenepo, ndipo muwaphimbire ndi udzu wouma wokhuthala ngati kutalika kwa chala. Otsalawo muwaone ngati malo a dzinja.

NabandaWaKuLunzu
Ndapita kukaona. Alipo ambirimbiri, mpaka tsamba likuoneka lofiira kunsi. Zikomo bambo.

Che_Mpondasi
Zophimbira ndi udzuzo ine ayi. Kwathu kuno ku Mangochi ukangoyala udzu waitana chiswe. Chimamaliza udzu n'kulowa mu tsabola.

MlangiziWopuma
Che Mpondasi, chiswe chimakonda zouma. Chikapeza udzu chimatanganidwa nawo, chikasowa ndi pomwe chimagwira mbewu yofooka ndi ludzu. Udzuwo usamakhudze tsinde, siyani mpata wa zala zitatu, ndipo ukachepa onjezerani.

Che_Mpondasi
Zimenezo ndi za m'buku bambo. Bwerani mudzaone chiswe cha kuno.

Nachisale_Dimba
Nonse mukunena zoona. Kwa ine chiswe chimadya udzu ndithu, koma bedi lophimbira ndimalithirira kamodzi pomwe losaphimbira lafuna kawiri. Ndi chitsime chotuluka matope, ine ndingasankhe kudyetsa chiswe. Ndimawazanso phulusa mozungulira bedi.

WakuTsangano
Ndiloleni ndilankhule ngati munthu amene tomato ndi amene amandilipirira ana sukulu. Amayi, tomato wakaleyo zulani yense. Musamumvere chisoni chifukwa cha timatimati tiwiri tomwe tatsalapo. Ndiye akusungirani akangaude ndi tuta, ndipo mukafesa nazale pafupi naye mbande zidzagwidwa zisanafike pa bedi. Tuta mumamudziwa, kambozi koboola njira zoyera m'kati mwa tsamba n'kulowanso mu chipatso. Chibwerereni m'dziko muno takhala tikusinthasintha mankhwala, iko kamangozolowera. Chomwe chimathandiza kwambiri ndi ukhondo: zulani, otchani kapena kwirirani mozama, malowo akhale opanda tomato kwa masabata angapo.

Kenako fesani nazale ya dzinja kumapeto kwa mwezi uno kapena koyambirira kwa Novembala, patali ndi pomwe panali wakaleyo. Mbande zimatenga masabata anayi kapena asanu kuti zifike powokera. Muzimangire kadenga ka udzu, ndipo sabata yomaliza muzichepetsa mthunzi ndi madzi kuti zikhwime. Wokerani madzulo. Amene wapirira ndi tomato wa dzinja ndiye amaseka mu Febuluwale ndi Malichi, pomwe pa Lizulu ogula amachita kulimbirana dengu.

Koma ndinene poyera, si ntchito ya masewera. Mabedi olowa pansi aja omwe amasunga madzi m'chilimwe, mvula ikabwera amasanduka zithaphwi. Akufunika okwera, ndi ngalande zotulutsa madzi. Mitengo yoyedzekera idulidwe panopa kuti iume. Chiwawu chikayamba ndi mitambo ya Januwale simungachiletse ngati simunayambe kupopera mankhwala a Dithane kapena a kopa chisanafike. Ndipo musabzale pomwe panali tomato, mbatatesi, mabiringanya, tsabola kapena fodya, zonsezi ndi banja limodzi, matenda ake ndi amodzi. Kumene kuli vuto la kufota, tomato wa mtundu wa Rodade amapirirako kuposa wa Tengeru ndi wa Tanya.

AgogoAnaphiri
Mwana wanga wa ku Tsangano, iwe ukunena za bizinesi. Mayiyu wanena kuti kadimba ka kuseri kwa nyumba. Adzagula Dithane wa ndalama zingati kuti adye tomato wa mu ndiwo? Dzinja lili ndi ndiwo zake. Bonongwe, luni, chisoso, nkhwani, chitambe, therere, denje. Zina mwa izi zimamera zokha mvula ikangogwa, iwe ntchito yako ndi kupatulira basi. Kabichi ndi chayinizi m'dzinja zimaola, zimafuna mankhwala sabata ndi sabata. Ine Okutobala ndimasanthula nkhokwe ya mbewu: nthanga za maungu, khobwe, therere, ndione zomwe anankafumbwe andisiyira. Imeneyo ndiye ntchito ya mwezi uno.

WakuTsangano
Agogo, ndavomera za kabichi. Koma bonongwe wopanda tomato mumudya bwanji?

AgogoAnaphiri
Ndi nsinjiro. Unakulira kuti iwe?

Kambuzi77
Agogo awina basi.

Mbuya_wa_Thuchila
Kuno ku Mulanje dzulo madzulo yagwa yamphamvu ndithu, nthaka yanunkhira. Ine mawa ndikubzala maungu ndi nyemba.

Nachisale_Dimba
Achimwene, chimenecho ndi chizimalupsa. Takumbani ndi khasu muone chinyontho chalowa pati. Ngati sichinapitirire chikhatho, mbewu zidzamera n'kupsa dzuwa likabwerera. Pokhapokha ngati muli ndi madzi othirira.

Mbuya_wa_Thuchila
Mulanje si Balaka achemwali. Kuno mvula imayamba msanga.

MlangiziWopuma
Imayambadi msanga m'munsi mwa phiri, koma kudula kwa masabata awiri pambuyo pa mvula yoyamba kumachitikanso komweko. Bzalani theka la mbewu, theka musunge. Maungu pa phando lothira manyowa ndi lophimbira amatha kupirira, nyemba ndiye sizichedwa kufa.

Nasibeko_Area25
Ine funso langa ndi la madzi. Kuno ku Lilongwe ndimathirira ndi a pa mpopi, bilu ya mwezi uno ndikuiopa kale. Kodi madzi ochapira zovala ndi otsukira mbale angagwire ntchito? Ndipo kuthirira kwabwino ndi m'mawa kapena madzulo? Mwamuna wanga ndi ine tatsutsana mpaka tatopa.

Kambuzi77
Madzulo. M'mawa dzuwa limamwa onse pofika 10 koloko.

WakuTsangano
M'mamawa. Masamba akagona onyowa ndi pomwe matenda amayambira.

Nachisale_Dimba
Mwayambanso inu awiri. Mwezi uno mpweya ndi wouma, kuthirira madzulo sikubweretsa matenda ngati mukuthira pansi osati pa masamba. Mitambo ikayamba ndiye musinthe, muzithirira m'mawa. Chachikulu ndi kuthira okwanira kuti alowe pansi, osati kuwaza pang'onopang'ono tsiku lililonse, mizu imangokhala pamwamba. Tomato akamathiriridwa modumphadumpha, lero wambiri mawa ayi, ndi uja amada n'kuola kunsi kwa chipatso.

Za madzi ochapira: otsukuluzira omaliza ndi osambira apite ku nthochi, papaya ndi mango. Pa ndiwo zamasamba ayi, makamaka zodya zosaphika. A sopo waufa woyamba uja ali ndi mchere wambiri, mukamathira malo amodzimodzi nthaka imauma gwa. A mafuta a m'mbale ndi a Jik musathire n'komwe.

Nasibeko_Area25
Ndiye tonse tawina. Ndikamuuza kuti ndawina ndine.

BamboAChikondi
Inu mukukamba za akangaude, ine mdani wanga ali ndi miyendo inayi. Mbuzi za aneba zalowa Lamlungu tili ku tchalitchi, repu yense pansi, ndi kamtengo ka peyala komwe ndinagula chaka chatha zakasenda khungwa. Nditakadandaula akuti nthawi ino mbuzi sizimangidwa, wolakwa ndine wosamanga mpanda.

AgogoAnaphiri
Sananame. Chilimwe mbuzi zimayenda, mpaka amfumu alengeze kuti anthu abzala, aliyense amange zake. Wa dimba ndiye amamanga mpanda. Ndi momwe tinazipezera.

BamboAChikondi
Agogo, lamulo limenelo linali la nthawi yomwe madimba anali kudambo kokha. Lero anthu tikulima pakhomo chaka chonse. Bwanji wa mbuzi asamange khola?

Che_Mpondasi
Pitani nayo kwa amfumu mukaone ngati iwo alibe mbuzi.

Kambuzi77
Bzalani nkhadze m'malire, zaka ziwiri mbuzi siidutsanso. Koma utomoni wake usakulowe m'maso podula, ndipo ana muwachenjeze. Pakadali pano minga ndi mapesi. Kapeyalako kamangireni nsungwi mozungulira, ngati khungwa silinasendedwe kuzungulira tsinde lonse kachira.

NabandaWaKuLunzu
Pepani a BamboAChikondi. Tibwerereko ku mitengo, chifukwa mango anga akugwa ambiri asanapse, ena ukawadula muli mphutsi.

MlangiziWopuma
Kugwa kwa timango tating'ono n'kwachibadwa, mtengo umataya zomwe sungathe kulera, makamaka ukakhala ndi ludzu. Koma a mphutsiwo ndi ntchito ya ntchentche za zipatso. Imaboola khungu n'kuikira mazira, mphutsi zikakula zimatuluka m'bango logwalo n'kulowa m'nthaka, kenako zimatuluka zili ntchentche zatsopano. Ndiye mango ogwa akamangokhala pansi pa mtengo, mukuweta. Tolani tsiku lililonse. Kwirirani dzenje lakuya theka la mita, kapena muwatsekere m'thumba la pulasitiki lakuda, mumange bwino, likhale padzuwa masiku angapo. Ntchito yotopetsa koma yaulere. Vuto ndi loti aneba akapanda kutola, zawo zimabwera kwanu.

Kusadza mango si pano, dikirani mukolole. Panopa chotsani nthambi zouma zokha. Amene muli ndi mitengo yomezanitsa, monga Tommy Atkins kapena Kent, yang'anani mphukira zotuluka m'munsi mwa pomwe anamezanitsa, muzibudule zikadali zanthete. Mukazisiya zimalanda mtengo, mudzadabwa mukukolola timango ta ulusi.

Ndipo amene mukufuna kubzala mitengo ya zipatso chaka chino, maenje akumbidwe tsopano: masentimita 60 m'lifupi, m'litali ndi kuya komwe. Dothi lapamwamba mbali ina, lapansi mbali ina. Lapamwambalo musakanize ndi ndowa imodzi kapena ziwiri za manyowa owolerana n'kubwezera m'dzenje. Nyengo yobzala mitengo m'dziko muno imatsegulidwa pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, koma wobzala kumayambiriro ndi amene mtengo wake umakumana ndi chilimwe uli ndi mizu. Papaya yekha musamuike pa malo odikha madzi, muunjikireni kachulu, apo ayi Januwale adzaola tsinde.

Che_Mpondasi
Kukumba dzenje mu Okutobala? Nthaka ya kuno pikiyo imadumpha. Kutentha kwake anzathu a ku Nsanje ndi Chikwawa akudziwa, madigiri 40 si nkhani.

Kambuzi77
Thirani ndowa ya madzi osambira pamalopo madzulo, mukumbe m'mamawa. Tsiku lililonse pang'ono.

Che_Mpondasi
Mango athu kuno kunyanja apsa kale. Ntchentche zikupikisana ndi ana a sukulu, ndipo ana akutsogola.

MwanaWaThyolo
Pa nthochi ndiikepo mawu, chifukwa ife a ku Thyolo tinalira nazo. Amayi a ku Lunzu, yang'anani masamba atsopano. Akamatuluka ang'onoang'ono, opyapyala, oimirira mothithikana pamwamba, m'mbali mwake mwachikasu, chimenecho ndi chisaka. Chimafalitsidwa ndi nsabwe zakuda zobisala m'khosi mwa nthochi, komanso ndi ana a nthochi omwe timapatsana. Mankhwala ake palibe. Phata lonse lizulidwe ndi mizu yomwe, lidulidwe tizidutswa liume. Kudula mtengo umodzi wodwala n'kusiya ana ake ndi kudzinamiza. Minda yathunthu inatha kwathu, anthu omwe ankatumiza malole a nthochi ku Blantyre anayamba kugula nthochi zochokera ku Tanzania ndi Mozambique.

Ngati phata lili bwino, lipatulireni mvula isanabwere. Pakhale zitatu: yobereka, yotsatira, ndi kamwana kamodzi ka masamba osongoka. Zinazo chotsani. Masamba ouma muyale pansi pomwepo, manyowa mozungulira. Ndipo mphepo ya mvula yoyamba imagwetsa nthochi zolemedwa ndi mkoko, ikani mphanda.

NabandaWaKuLunzu
Zanga masamba ndi aakulu bwinobwino, koma pa phata pali mitengo yoposa khumi. Ndiye chifukwa chake mikoko ikuchepa?

MwanaWaThyolo
Eya. Zikulimbirana chakudya.

Achimwene_aKuJoni
Kuno ku Johannesburg nyengo ndi yomweyi, kungoti ife mdani ndi matalala. Mvula ya Okutobala ndi Novembala imabwera masana ndi mabingu, mphindi khumi sipinachi yense wabooka. Ndamanga neti pamwamba pa kabedi kanga. Imathandizanso dzuwa.

Namaseko_Leeds
Ndikuwerenga ndili ndi jekete. Kuno ntchito zomwe mukunenazi timazigwira mu Juni. Ndili ndi kamunda kobwereka ku khonsolo, maungu ndimafesa m'nyumba pa windo, kuwatulutsa pokhapokha chisanu choundanitsa madzi chitatha kumapeto kwa Meyi. Mu Juni kumada cha m'ma 10 koloko usiku, ndiye ukaweruka ntchito umapalira mpaka kutopa. Mbuzi kulibe, koma nkhono zopanda chigoba zimatha mbande usiku umodzi. Azungu oyandikana nawo amadabwa ndikamathyola masamba a maungu, iwo amangodikira dzungu.

AgogoAnaphiri
Uziwaphikira alawe. Usaiwale kusadzula ulusi.

Nachisale_Dimba
Palibe wayankha za tizitsamba ta a Nabanda. Minti sakonda dzuwa la mwezi uno, muikeni pa mthunzi wa nthochi, koma mu chidebe chobooka pansi, chifukwa mvula ikabwera amayanga bedi lonse. Koriyanda akatentha amathamangira maluwa ngati mpiru, musiyeni abereke njere, mudzafese kukazizira. Lemoni girasi mumeteni masamba ouma, mvula ikakhazikika mugawe phata mubzale m'mphepete mwa bedi, amagwiranso dothi. Rozimere ndi wosiyana ndi onsewa: chilimwe amasangalala, chomwe chimamupha ndi madzi odikha a dzinja, ndiye akhale pokwera kapena mu chidebe pakhonde. Jinja ndi chidede nthawi yake yobzala ndi mvula yoyamba yeniyeni, konzeranitu malo. Mpungabwi umamera wokha, musauzule wonse popalira, madzulo udzudzu ukachuluka mudzaufuna.

Anyezi ndi adyo ngati makosi agwa, lekani kuthirira, zulani mvula isanawapeze m'nthaka. Aume pa mthunzi podutsa mphepo mpaka khosi liume, kenako mumange m'mitolo mupachike. Anyezi wonyowa ndi mvula sasungika.

NabandaWaKuLunzu
Anyeziyo makosi anagwa kale, ndimangothirirabe poganiza kuti akula. Mawa ndizula, madzi ake apite ku repu.

BamboAChikondi
Wina andiuze za manyowa a Mbeya. Feteleza wa chaka chino sindikwanitsa thumba.

Mbuya_wa_Thuchila
Momwe ndimapangira ine: makilogalamu 20 a ndowe zouma zopera bwino, 10 a madeya, 10 a phulusa losefa, 10 a feteleza, ndi madzi okwana malita 5. Sakanizani mpaka mukafinya m'manja zigwirane koma osadontha. Ikani m'thumba lokhala ndi pulasitiki m'kati, mumange mpweya usalowe, likhale pa mthunzi masiku 21. Mukatsegula muyanike pa mthunzi pang'ono. Mukapanga sabata ino, pakati pa Novembala akhala atapsa.

AgogoAnaphiri
Inu a mbuzi za aneba, katoleni ndowe zake. Zikubwezereniko repu wanu.

BamboAChikondi
Agogo inu!

MlangiziWopuma
Kuwonjezera pang'ono: zitosi za nkhuku zaziwisi musathire pa bedi loti muwokerepo posachedwa, zimawotcha mizu, makamaka kukutentha chonchi. Ziunjikeni ndi zinyalala ziwolerane kaye. Ndipo amene muli ndi kholowa kudimba musamalize kudya, mawa ndi mbewu. Mitundu ya mbatata yofiira m'kati monga Kadyaubwerere ndi Kaphulira imasowa nthawi yobzala, aliyense akuifuna tsiku limodzi.

NabandaWaKuLunzu
Ndamva. Tomato ndi mpiru ndizula, anyezi ndikolola, repu ndi tsabola ndiphimbira, nthochi ndipatulira Loweruka mwana akabwera kudzandithandiza. Za dzinja nditsatira agogo, koma bedi limodzi la tomato ndiyesa, a ku Tsangano asandiseke. Funso lomaliza: mitengo yoyedzekera yomwe inali pa tomato wakaleyu ndingaigwiritsenso ntchito?

WakuTsangano
Akangaude amabisala m'ming'alu ya mitengo yomweyo, ndi mu zingwe zomangira. Zingwe otchani. Mitengoyo ngati ndi ya nsungwi yolimba iwambeni pa moto pang'ono, kapena musonkhere nsima mudule ina. Yotalika mita imodzi ndi theka, ndipo muizike tsiku lowokera lomwelo, osadikira tomato akule, mungadule mizu.

Che_Mpondasi
Ndipo kunsi kwake mupake oyilo wakutha, chiswe chisakulandeni.

Nachisale_Dimba
Oyilo m'bedi la ndiwo ayi, Che Mpondasi. Kuwamba pa moto kwakwana.